Tinapita Kukapepesa kwa a Qureshi

Nimra anandiitana Lachisanu masana kuti tikakumane m'chipinda chochapiramo zovala, pansi pa fulati yawo. Ndinapita chothamanga. Ndinkaganiza kuti wapeza chibwenzi, chifukwa masiku amenewo chilichonse ndinkachiganizira chibwenzi. Ndinali nditamaliza sekondale mu Juni, mapepala a koleji anali asanabwere, ndipo ndinkaswera pa windo la fulati yathu ku Greenbelt, pafupi ndi Washington, ndikupekera anthu odutsa pansi nkhani zachikondi. Nimra ananditsogolera ndi chaka chimodzi. Iye anali kale pa yunivesite ku College Park, kuphunzira za mankhwala. Makolo ake anachokera ku Lahore, ku Pakistan, ndipo fulati yawo inayang'anizana ndi yathu, pakati pali malo oimika magalimoto.

Ndinamupeza atakhala pa benchi, makina onse atazima. Analibe chovala ngakhale chimodzi choti achape.

"Tseka chitseko," anatero.

Anandipatsa foni yake, iye nkuyang'ana kukhoma. Ndinaonera masekondi mwina asanu. Inali vidiyo ya mkazi wosavala, m'chipinda chimene sindinachionepo, ndipo nkhope inali ya Nimra. Kachipsera ka pachibwano kanalipo. Ngakhale mmene amapendekera mutu akamamvetsera munthu, zonse zinalipo.

"Si ine, Lenifa."

"Ndikudziwa."

"Wadziwa bwanji? Ine ndemwe ndinaionera kawiri kuti nditsimikize."

Anandiuza kuti wina anatenga nkhope yake pa kavidiyo ka m'kalasi, kamene ankafotokoza za ntchito yake pamaso pa anzake, nkuimata ndi pulogalamu ya pakompyuta pa thupi la mkazi wina. Nambala imene inamutumizira sankaidziwa. Inatumizanso ku gulu la pa WhatsApp la ophunzira anzake a ku Pakistan, anthu makumi anayi ndi mphambu. Ena anamuimbira kumuuza kuti aifufuta. Ena sananene kanthu, ndipo amenewo ndi amene ankamuopsa. Kuyambira Lachiwiri anali asanadye chakudya chenicheni. M'basi ankakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni kuti pasakhale munthu womuyang'ana kumsana. Galasi la ku bafa analiphimba ndi thaulo, amayi ake atafunsa anati akuliumitsa.

"Abbu asamve," anatero. Abbu ndi mmene amaitanira bambo ake. "Akamva, sukulu yatha. Ukudziwa mmene ndinavutikira kuti andilole. Akulu awo ku Lahore ananena kuti mtsikana wophunzira ndi anyamata abweretsa manyazi pamtundu, Abbu nkuwayankha kuti osati wanga. Akhala akudikira chaka chonse kuti aone amene analondola."

Anali atakonza kale chochita. Lolemba nthawi ya teni anali ndi malo kwa mayi wina wa ku yunivesite amene amathandiza ophunzira pa nkhani zotere, kulembera eni masamba a pa intaneti kuti achotse vidiyo, ndi kukanena kupolisi ngati munthu afuna. Ankafuna ndimuperekeze. Ndipo ankafuna ndikhale chete mpaka Lolemba.

"Masiku awiri okha. Ungathe?"

Ndinalumbira. Ndinamugwira manja onse awiri polumbirapo, ndipo ndivomere kuti mbali ina ya mtima wanga inkaona kukongola kwa zimenezo: atsikana awiri, chinsinsi chimodzi, dziko lonse kunja kwa chitseko.

Ndinapirira usiku umodzi ndi theka la m'mawa.

Loweruka amayi sanapite ku nyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito. Ankasita yunifolomu yawo ya ku tchalitchi, bulauzi woyera ndi duku, ndipo anandiona ndikuzungulirazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Iwe, ukundichititsa chizungulire. Wadwala kapena wakonda munthu?"

"Palibe."

"Ndiye phala lija wasiyiranji?"

Ndinkangoganiza za Nimra ali yekha kutsidya kwa magalimoto, ndi thaulo pa galasi. Lolemba linkaoneka kutali ngati Khirisimasi. Ndinkaona m'maganizo amayi anga, ndi manja awo ofunda amene amasambitsa agogo a anthu ena, atamukumbatira Nimra, iye nkulira mpaka kupepukidwa, kenako nkudya. Ndinkafuna zimenezo zichitike msanga, lero lomwe. Ndinawauza. Ndinayamba ndi kuwalumbiritsa kuti asauze munthu.

Amayi anazimitsa simbi nkukhala pansi.

"Mwana wa a Qureshi? Amene anandiphunzitsa galimoto aja?"

"Eya."

"Mayo ine. Ndiye mwanayo akhale yekha ndi chinthu chotere?"

"Ndi chifukwa chake ndakuuzani. Mungopita kukamuona. Iye yekha, amayi. Makolo ake sakudziwa."

"Ndamva," anatero. Koma ndikaganiza tsopano, maso awo anali kale pena.

Lamulungu tinapita ku tchalitchi chathu ku Lanham, m'holo imene timabwereka masana azungu akatuluka. Mapemphero atatha amayi a m'gulu analowa m'kachipinda kawo monga mwa nthawi zonse, ine ndinadikira panja. Atatuluka, amayi sanali okha. Kumanja kwawo kunali Mayi Gwendoline, wapampando wa gulu la amayi, nesi wamkulu amene aliyense amamuopa pang'ono. Kumanzere kunali Anti Chama, a ku Zambia, atanyamula mbale ya mandasi yokutidwa ndi chitenje ndi mabotolo awiri a juwisi.

"Amayi," ndinanong'ona, "ndinati inu nokha."

"Nkhani ngati imeneyi munthu sapita yekha, Lenifa. Ndikalankhula chiyani ine? Pamafunika wamkulu."

"Koma makolo ake..."

Mayi Gwendoline anandimva. "Mwanawe, kwathu munthu akagwa m'mavuto sitimutumizira meseji. Timavala, timanyamula kanthu, timapita. A Qureshi aja ndi athu. Theka la amayi a mu mpingo uno anawaphunzitsa galimoto ndi iwo. Ine ndinalephera mayeso katatu, sanandikalipirepo."

"Kanayi, ba Gwendoline," anatero Anti Chama.

"Kachinayiko analakwa ndi woyesa."

Anaseka, nkulowa m'galimoto. Ine ndinaima panja ndi chitseko m'manja.

"Manje iwe, ufuna tibwelele?" Anti Chama anafunsa. "Mandasi yazazizila. Ngena."

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kukhala pansi pa phula pomwepo nkulira mpaka atasintha maganizo. Ndinalowa. Ndinalembera Nimra kuti tikubwera, usaope, koma meseji sinawerengedwe, chifukwa masiku amenewo foni ankaizimitsa. Ndipo tikuyenda mumsewu wa ku Greenbelt, mitengo itayamba kufiira, amayi atatu ovala zoyera akuimba nyimbo chapansipansi, ndinadzinyenga kuti mwina ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndinkati a Qureshi Lamulungu masana amakhala ali kophunzitsa. Ndinkati tikapeza akazi okhaokha.

Anatsekula chitseko ndi a Qureshi. Wophunzira wawo anali atadwala.

"Aa, ophunzira anga!" anatero m'Chingerezi, akumwetulira. "Mwagunda chiyani?"

Tinavula nsapato pakhomo. Mayi Qureshi anatuluka ku khitchini akupukuta manja, nkutilozera ma sofa. Mayi Gwendoline anathokoza koma sanakhalepo. Anakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, monga timakhalira kwathu tikapita kukapepesa. Amayi ndi Anti Chama anachita chimodzimodzi. Ine sindinkadziwa kuti kwawonso anthu amakhala pansi pakakhala maliro. Ndinangoona kumwetulira kwa Mayi Qureshi kukuchoka, dzanja lawo likupita pachifuwa.

Moni anatenga nthawi. Mayi Gwendoline anafunsa za thanzi, za ntchito, za abale a ku Pakistan. Mbale ya mandasi inaperekedwa ndi manja awiri. A Qureshi anaitana m'kati kuti Nimra abweretse tiyi. Ndinayesa kudzuka kuti ndikamuthandize, ndikamuchenjeze, koma amayi anandigwira bondo.

"Khala pansi. Akulu akulankhula."

Kwathu nkhani ya mwana sauza mwanayo. Imapita kwa makolo, ndipo amalankhula ndi wamkulu wa gulu. Ndinkazidziwa zimenezo kuyambira ndili wamng'ono. Sindinaziganizire Loweruka lija.

"Bambo ndi mayi," Mayi Gwendoline anayamba, m'Chingerezi chawo chodekha cha kuchipatala, "sitinabwere ndi mawu ambiri. Tamva zimene anthu oipa amuchitira mwana wathu. Tabwera kudzakhala nanu pansi, kuti mudziwe kuti simuli nokha, ndiponso kuti ife tikudziwa kuti mwanayo ndi wosalakwa."

Nimra anali ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi. Sanaigwetse. Anayenda bwinobwino, nkuiika patebulo, makapu osagundana nkomwe. Kenako anandiyang'ana. Sindinaonepo munthu akundiyang'ana motero, popanda mkwiyo, ngati akuwerenga chikwangwani cha basi imene yamusiya.

"Mwana uti?" a Qureshi anafunsa. "Wachitidwa chiyani?"

Mayi Gwendoline anatembenukira kwa amayi. "Kodi sakudziwa?" anafunsa m'Chichewa.

"Ndinakuuzani kuti mwina sakudziwa bwinobwino," amayi anayankha.

"Munati bwinobwino. Simunati sakudziwa."

"Nimra," anatero a Qureshi.

Anafotokoza yekha, ataima, pamaso pa bambo ake ndi alendo anayi. Anayamba m'chilankhulo chawo, kenako anasinthira ku Chingerezi, ndikuganiza kuti mawu ena sakanatha kuwatchula m'chilankhulo chimene amapempherera. Amayi ake anakhala pansi pa kapeti pafupi ndi Anti Chama, osadziwa kuti akhala. Atamaliza anapita kuchipinda, nkubwera ndi foni, nkuitambasulira kwa bambo ake.

A Qureshi anaika manja kumbuyo.

"Sindikufuna kuona. Mwana wanga ndimamudziwa. Si iwe."

Ndinati basi, zatheka, ndinachita bwino. Ndinayamba kale kuona mmene tidzafotokozere nkhaniyi tikadzakalamba. Nimra yekha sanasinthe nkhope. Iye ankawadziwa bambo ake.

A Qureshi anakhala pa sofa, nkuthira tiyi m'makapu onse, mmodzimmodzi, monga mwini nyumba. Kenako anafunsa mofatsa, ndi mawu amene amauzira wophunzira kuti aponde buleki.

"Mayi Gwendoline, ku tchalitchi kwanu akudziwa anthu angati?"

"Ife atatu basi."

"Tinangopempherako m'gulu," Anti Chama anawonjezera, pofuna kuwalimbitsa mtima. "Koma dzina sitinatchule ayi. Tinangoti mtsikana wa ku Pakistan wa ku Greenbelt, wa pa yunivesite."

"M'gulumo munali angati?"

Amayi ndi amene ananena. "Khumi ndi asanu ndi mmodzi."

A Qureshi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito limodzi ndi akazi a kwathu. Mlamu wa mkazi wanga ali pa nyumba ya okalamba imodzi ndi Mayi Rosina a mpingo wanu, ndinawaphunzitsa onse awiri." Anayang'ana mwana wawo. "Ngati tchalitchi cha Amalawi chadziwa Lamulungu, Lahore adziwa Lachisanu lisanafike."

"Abbu, mawa ndili ndi malo kwa mayi wa ku yunivesite. Akhoza kuichotsa. Ndinakonza kale zonse."

"Mawa sukupita. Ngakhale mkuja."

"Bambo," Mayi Gwendoline analowerera, "pepani, koma mwanena nokha kuti mwanayu sanalakwe."

"Sanalakwe."

"Ndiye alangidwe chifukwa chiyani?"

"Sindikumulanga, mayi. Amene anapanga chinthuchi amamuona tsiku lililonse, mwina amakhala naye kalasi imodzi. Ndimutumize komweko? Ndipo akulu anga akandiimbira sadzafunsa ngati vidiyoyo ndi yoona. Adzafunsa kuti atatha kumva, ndinachita chiyani. Iwo ali ndi ana aakazi atatu osakwatiwa, dzina lathu ndi limodzi. Ndikapanda kuchita kanthu, mabanja amene akufunsira anawo abwerera." Anaika kapu pansi. "Inu mwabwera ndi mtima wabwino. Ndikuthokoza. Imwani tiyi."

Tinamwa. Sindikudziwa kuti tinamwa bwanji, koma kukana kukanakhala chipongwe china pamwamba pa choyamba. Mayi Gwendoline anapempha ngati angapemphere, Mayi Qureshi anavomera ndi mutu, ndipo pemphero lawo linali lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo. Nimra anali atalowa kale kuchipinda. Povala nsapato pakhomo, Anti Chama ankalira mwakachetechete.

Pamalo oimika magalimoto Mayi Gwendoline anaima nthawi yaitali ndi makiyi m'manja.

"Zaka makumi awiri ndili kuno," anatero, osayang'ana aliyense. "Ndinkayesa ndinaphunzira kugogoda."

Amayi sanandikalipire, inenso sindinawakalipire. Tinakwera masitepe athu ngati anthu osadziwana.

Lolemba ndinavala nkukaima pa siteji ya basi kuyambira hafu pasiti eyiti. Ndinkati mwina atuluka, mwina bambo ake agona nazo nkusintha. Mabasi anayi a ku College Park anadutsa. Makatani a fulati yawo sanatsekulidwe. Ndinalemba meseji zambiri sabata imeneyo, zazitali, zina zokongola kwambiri moti ndikuchita nazo manyazi. Palibe imene anayankha.

Patapita milungu itatu anandiimbira. Anati ndibwere pa masitepe a fulati yawo, ndipo ndibwere ndi foni yanga.

Anali ataonda. Anavala mpango kumutu, umene kale ankavala popita ku mzikiti pokha. Anakhala sitepe imodzi pamwamba panga.

"Nimra, ine..."

"Usapepese. Anthu a kwanu mwapepesa mokwanira." Kanali kanthabwala, koma sanaseke, ndipo ine sindinayerekeze.

Anandiuza mwachidule. Lahore anamva Lachinayi. Bambo ake anapita naye kupolisi, iwo eni, atavala jekete la ku ukwati, ndipo anakhala pambali pake maola awiri. Vidiyo inachotsedwa pa masamba awiri, nkutulukira pa lachitatu. Amene anaipanga sanapezeke. Mapepala osiyira sukulu anasaina sabata yatha.

"Chaka chino chokha?" ndinafunsa. "Januwale ubwerera?"

"Abbu akuti tidzaona zikadzatha. Ndinawafunsa kuti zimatha liti zinthu za pa intaneti. Sanayankhe." Anakoka ulusi wa mpango wake. "Pano ndimayankha mafoni a sukulu yawo ya galimoto. Ndimati dzina langa ndi Sara."

"Ndikanadikira Lolemba..."

"Mwina akanamvabe. Ndaganiza zimenezo kambirimbiri. Mwina wina wa m'gulu lija akanauza amayi ake, amayi akewo nkuuza anga. Koma ndikanawauza ndekha, Lenifa, ndili ndi pepala m'manja losonyeza kuti ndachitapo kale kanthu. Akanaona munthu amene akudziteteza. M'malo mwake anaona amayi atatu atakhala pansi ngati ndafa."

Pansi munthu wina ankalimbana ndi njinga pachitseko.

"Tsegula zithunzi," anatero. "Zonse zimene ndilimo. Ufufute."

"Sindingapatse munthu ine."

"Ndikudziwa. Foni imabedwa. Imatayika. Ndafufutitsa kale kwa azisuweni anga ndi kwa Ammi, amayi anga omwe. Watsala iwe."

Ndinatsegula. Foni inazisonkhanitsa yokha, chifukwa imadziwa nkhope yake. Zinali zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Tsiku limene anamaliza sekondale, chipewa chitapendekeka. Tsiku limene tinapita kukaona maluwa a mitengo ku Washington nkunyowa ndi mvula. China ali m'tulo m'sitima, pakamwa pali yasa, chimene ndinkamuopseza nacho kuti ndidzaonetsa mwamuna wake.

"Ngakhale ichi? Nkhope sikuoneka bwino."

"Ngakhale icho."

Ndinasankha zonse nkudina. Foni inafunsa ngati ndikutsimikiza, ndinavomera.

"Palinso malo amene zimakhala masiku makumi atatu zisanachokeretu," anatero. "Pita kumeneko."

Ndinapita, nkufufutanso. Anatenga foniyo, nkuyang'ana yekha, kutsika mpaka pansi, kenako anandibwezera. Anaimirira nkukonza mpango. M'nyumba mwawo foni ya ntchito inayamba kulira.

"Ndiyenera kukayankha," anatero, nkukwera.

Ndinamva chitseko chikutsekeka, kenako mawu ake kuseri kwake, aulemu, omveka bwino, akufunsa munthu ngati akufuna phunziro la m'mawa kapena la masana.